Wezi anakhoza, koma akubisala kuseri kwa filiji

Lachiwiri lapitali ndinalowa m'kagolosale ka a Nyamhango ku Chibanja kukagula shuga. Kunja kunali kamvula kathu kaja ka ku Mzuzu, kamene sikanyowetsa msanga koma kamalowa m'mafupa. Nditangoponda pakhomo ndinaona mtsikana akuthawira kuseri kwa filiji.

Anali Wezi, mwana wawo woyamba. Mwana ameneyu ndinayamba kumudziwa ali ku pulayimale, ndipo akandiona ankathamanga kudzandilandira chikwama.

"Mwatandala uli, amama? Kodi mwanayu ndamulakwira chiyani?" ndinafunsa.

A Nyamhango anausa moyo. "Simunamulakwire, anti. Chitulukireni zotsatira za Fomu 4, sakufuna kuonana ndi munthu. Ngakhale ku kwaya anasiya."

"Analephera?"

"Yayi, anakhoza. Koma mapointi 24. Iye amafuna udokotala, ndiye mukudziwa kumeneko amatenga ana a sikisi, a seveni. Adada ake sakumuyankhulitsa bwino chomene."

Mwamva, awerengi? Mwana anakhoza, koma akubisala ngati wakuba nkhuku.

Ndipo olakwa ndife. Mwana akalemba mayeso, moni timaiwala. Pa tchalitchi, pa depoti, ngakhale pamaliro, funso ndi limodzi: "Wapeza angati?" Akatchula nambala yaing'ono timaimba nthungululu. Akatchula ya m'makumi awiri timangoti "Ooo, chabwino," maso tikuyang'ana kumbali. "Ooo" ameneyo amabaya kuposa minga.

Ine ndimamudziwa "ooo" ameneyo. Nanenso ndinamulandirapo.

Bambo anga anali kalaliki wa boma. Anawasamutsa kuchokera ku Dowa ine ndili mtsikana wamng'ono, ndipo tinapatsidwa nyumba chakufupi ndi nkhalango ya Kaning'ina. Mzuzu wa masiku amenewo anali wa matope ofiira, nkhungu ndi fungo la mitengo ya paini. M'kalasi ndinali wa pakatikati. Chingerezi ndi mbiri ndinkazikonda, koma masamu ankandizunguza mutu. Zotsatira zitatuluka, mapointi anga sanali oti munthu n'kuphera nkhuku.

Koma nthawi imeneyo kunali mayeso ena, olowera ku yunivesite. Aliyense amene wakhoza mokwanira ankaloledwa kukayesa. Wa mapointi ochepa ndi wa ambiri ankakhala pa benchi imodzi, pepala limodzi.

Ine ndinakana kukalemba. Ndinati ndikangodzichititsa manyazi. Bambo sanakalipe. M'mawa wa tsikulo anapukuta njinga yawo, n'kumanga pilo pa kaliyala, n'kuima pakhomo.

"Kwera," anatero. "Ngati n'kukana, akakukane okha. Usawakanire."

Mpaka lero ndimaukumbukira ulendo umenewo. Ndinavala juzi ya mayi, yotalika mpaka m'mawondo. Pa chitunda bambo anatsika n'kumakankha njinga, ine ndili pompo pa pilo, chifukwa sanafune kuti nsapato zanga zilowe m'matope. Titafika pa holo tinapeza khamu: ana ochokera ku Nkhata Bay, ku Rumphi, ku Chitipa, ena atagona pa depoti. Mayi wina wa ku Chintheche, amene anaperekeza mwana wake, ananyema chinangwa chophika n'kundigawira osandifunsa n'komwe dzina. Palibe anafunsa mnzake mapointi. Tonse tinkangonjenjemera, ena ndi chisanu, ena ndi mantha.

Nditatuluka masana ndinawapeza bambo ali pomwe ndinawasiya, atakhala pansi pa mtengo, chipewa chitanyowa. Sanapite ku ntchito tsiku limenelo, munthu amene sankajomba ngakhale akudwala malungo.

Ndinasankhidwa. Osati ku zamalamulo kumene mtima wanga unali, koma ku zauphunzitsi. Ndinalira sabata yoyamba. Kenako ntchito ija ndinaikonda, ndipo ndaphunzitsa mpaka imvi.

Musandimve molakwa. Sindikuti kale zonse zinali bwino. Malo anali ochepa kuposa lero, ndipo anzanga ambiri a pa holo paja anabwerera kwawo chimanjamanja. Ena anali anzeru kuposa ine. Koma munthu wa pakatikati ankapatsidwa tsiku lina loti aonetse zimene ali nazo m'mutu. Lero tsiku limenelo kulibe. Zimene unalemba mu Fomu 4 ndi zomwezo, kaya unalemba ukudwala, kaya sukulu yako inalibe labotale, kaya mphunzitsi wa sayansi anachoka pakati pa chaka osabweranso wina.

Zonsezi ndinamufotokozera Wezi, atatuluka kuseri kuja n'kukhala pa kreti ya zakumwa. Poyamba ankangoyang'ana zala zake.

"Ndiye anti, udokotala ndingaupeze?" anafunsa pomaliza.

Apa mpamene akuluakulu ambiri timanama. Timati "Mulungu ndi wamkulu, ungolemba," kenako mwana amadzaza mizere yonse ya pa fomu yofunsira malo ku yunivesite ndi maphunziro amene akulimbirana ana a mapointi sikisi. Mayina akatuluka, iye palibe, chaka chapita. Ena timapita mbali inayo: "Iwe usataye nthawi, yunivesite si yako." Onsewa ndi mabodza.

"Ndi mapointi amenewa, n'kovuta kwambiri," ndinamuuza. "Sindikunamiza. Ngati mtima ukukana kuusiya, ulembe pamwamba. Koma m'munsimo uikemo zimene ungazifikire. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kuli unamwino, kuli makoleji a zaumoyo, kuli uphunzitsi wa sayansi. Ukafuna kubwereza, ubwereze chifukwa wafuna iwe, osati chifukwa choopa anthu a ku tchalitchi."

Kenako anati, "Bayoloje ndinapeza 2."

Mayi ake anatembenuka. "Bwanji sunanene?"

"Palibe anandifunsa. Onse amangofunsa zonse pamodzi."

A Nyamhango anayamba kupukuta kauntala imene inali yoyera kale.

Lachinayi madzulo ndinapita kunyumba kwawo kukacheza ndi bambo ake, amene amagwira ntchito ku ofesi ina ya boma. Si munthu woipa. Anandiuza kuti kuntchito anali atauza kale anzawo kuti m'nyumba mwawo mutuluka dokotala, ndiye tsopano akusowa poyang'ana. Ndinawafotokozera za njinga ija ndi pilo, komanso za unamwino umene Wezi angaufikire. Anaseka pang'ono, kenako anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Wezi!" anaitana. "Bwera kuno, mama. Tiuze za unamwinowo."

Sindikudziwa ngati adzamutenge ku unamwinoko. Olimbirana malo ndi ambiri, ndipo ine si wosankha. Chimene ndikudziwa n'chakuti dzulo, ndikudutsa pa tchalitchi chawo, ndinamva kwaya ikuyeserera, ndipo mawu opyapyala a Wezi anali momwemo.

Ana ambiri m'dziko muno si a sikisi, komanso si olephera. Ali pakati, monga tinalili ambiri a ife amene lero tikuyendetsa masukulu, zipatala ndi maofesi. Tinangoiwala.

Inu amene mukuwerenga muli pa mpando wa ofesi, tanenani zoona: akanakuyezani ndi muyezo umene mukuyezera mwana wanuyo, mukanakhala pamenepo?