Gadiyani wa Mtedza wa ku Kapondo

Ofesi yanga ili pa Boma la Mchinji, kuseri kwa sitolo yogulitsa simenti ndi malata. Ndi chipinda chimodzi chokhala ndi desiki, mipando ya alendo ndi shelefu ya mabuku a malamulo, ena mwa iwo chiswe chinayamba kuwawerenga ine ndisanawatsegule. Pachitseko panalembedwa kuti loya, basi. Sipanalembedwe kuti loya wa chiyani, chifukwa kuno munthu susankha. Akabwera wa malire a munda, ndimamumvera. Akabwera mayi amene achibale a mwamuna wake akufuna kumulanda nyumba manda asanaume, ndimamumvera. Wina akagwidwa ndi matumba a feteleza panjira yachidule yochokera ku Zambia, wothamangira kupolisi ndine. Masiku ena ntchito yonse imathera pa kudinda mapepala a anthu olumbira kuti anabadwadi.

Amene ankanyadira kwambiri ntchito yangayi anali amalume, mlongo wawo wa amayi anga, mlimi wa mtedza ndi soya wa ku Kapondo. Akayambana ndi munthu, ngakhale pa nkhani ya mbuzi yodya mbewu, ankangomuuza kuti akaonana kwa mwana wa mlongo wawo ku Boma. Pamaliro, pazinkhoswe, potuluka m'tchalitchi, ankandikoka dzanja n'kumandionetsa kwa anthu amene anandiona ndikukwawa. Ine ndinkachita ngati zikundinyansa, koma kunena zoona ndinkazikonda kwabasi. Anzanga amene ndinaphunzira nawo anali ndi magalimoto ndi maofesi oziziritsidwa ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ine ndinali ndi amalume.

Alimi a kwathu atapanga kopaletivi, anasankha amalume kukhala wapampando. Malamulo a gululo ndinalemba ndine, kukalembetsa kuboma ndinathamanga ndine, ndipo mamembala akakangana za sikelo ankaitana ine. Ndiye chaka china kunabwera wogula wamkulu wochokera kutsidya kwa malire, kufuna mtedza wonse wa kopaletivi, woswa kale, kwa zaka zingapo. Anasiya mapepala a mgwirizano kuti alimi awerenge asanasaine. Amalume anabwera nawo muofesi mwanga atawakulunga m'jumbo, akuwagwira ngati mazira.

Mapepala amenewo ndinawakonda ndisanawawerenge n'komwe. Kwa nthawi yoyamba, pa desiki yanga panali nkhani ya malonda enieni, odutsa malire a dziko, osati ya mbuzi. Ndinawerenga mzere ndi mzere, ndinalemba zofunika kusintha, ndinakonza mgwirizano wanga watsopano wotetezera alimi. M'mutu mwanga ndinali nditaitana kale wolemba zikwangwani kuti adzawonjezere mawu pachitseko paja.

Amalume atabweranso, sanafunse n'komwe kuti ndafika pati. Anakhala pansi, anavula chipewa, n'kuyamba kundiuza za maloya ena a ku Lilongwe. Bungwe lina limene linkathandiza makopaletivi linali litalonjeza kuti liwalipirira alimi athu kuti akaonane ndi kampani yaikulu ya maloya a zamalonda. Mlangizi wa zaulimi anali atawadzaza kale m'makutu, ndipo amalume anabwera atakhuta. Akuti kumeneko loya aliyense ali ndi gawo lake. Alipo a nkhani za mabanki, alipo a misonkho ndi katundu wodutsa paboda, alipo a malo ndi maesiteti, a mikangano ya mabwana ndi antchito, ndiponso ena amene ntchito yawo ndi migwirizano ya malonda yokhayokha. Akuti kalata yawo ikangofika, munthu wa mbali inayo amayamba kupepesa asanaitsegule.

Zonsezo ndinkazidziwa kuposa mlangiziyo. Palibe amene anaphunzira malamulo m'dziko muno amene sadziwa kampani imeneyo. Tili kusukulu tinkaitchula motsitsa mawu. Makampani akuluakulu akafuna kugulana amapita kumeneko, mabanki akakangana amapita kumeneko, ndipo mbiri yawo pa nkhani za misonkho ndi yoti ngakhale oweruza amakhala tsonga akamva kuti akubwera ndi iwowo. Pocheza ndi anzanga ndinkakonda kunena kuti anthu amenewo sadziwa ngakhale kumene khomo la khoti la majisitireti linaloza, ndipo kuti atawasiya ndi mlandu wa malire a dimba angalire. Anzangawo ankaseka, inenso ndinkaseka, koma inali nsanje yokhayokha.

Ndinawakumbutsa amalume kuti mapepala aja ndawagwirira kale ntchito. Iwo anagwedeza mutu mwachifundo, n'kuloza diso lawo lakumanzere limene linachotsedwa ng'ala chaka cha dzana.

"Iwe, diso ili pachipatala pano analiyang'ana, anayesetsa ndithu," anatero amalume. "Koma amene analitsegula ndi dokotala wa maso wa ku Lilongwe. Munthu amene amangoona maso okhaokha tsiku ndi tsiku. Iwe uli ngati a pachipatala chathu pano, mutu ndi iwe, m'mimba ndi iwe, mwendo ndi iwe. Si zoipa ayi."

Ndinawafunsa kuti nanga ngati zili choncho abwereranji kwa ine.

"Kuchipatala chachikulu munthu sapita yekha," anayankha. "Tikufuna utiperekeze. Ukakhale gadiyani wathu."

Gadiyani ndi uja amagona pansi pa bedi la wodwala, kumuphikira phala ndi kumutsukira mbale, dokotala akamalowa iye n'kupatuka. Ndinafuna kukana. Ndinafuna kuwauza kuti akapemphe mlangizi wawo yemweyo awanyamulire jumbo. Koma amalume anawonjezera kuti akabwerako komiti idzakhala pansi n'kusankha loya woyang'anira malonda onse a kopaletivi kuyambira pamenepo, ndipo ndinaona kuti ndikatsala ndiye kuti ndagonja ndisanamenye. Ndinavomera, ndili ndi pemphero limodzi loipa mumtima, loti anthu amenewo akapunthwe amalume akuona.

Tinakwera minibasi m'mawa, ine, amalume ndi mayi wina amene anali mlembi wa komiti. Amalume anavala jekete lawo la kutchalitchi. Njira yonse ankauza wokwera aliyense kumene tikupita, ndipo dzina la kampani ija ankalitchula mokoma ngati mmene ankatchulira langa. Ine ndinangoyang'ana pawindo, mgwirizano wanga uli m'chikwama pamiyendo.

Ndinalowa muofesi yawo ndikusakasaka cholakwika. Ndinkayembekeza kuti atidikiritsa, sanatidikiritse. Ndinkayembekeza kuti ayang'ana nsapato zafumbi za amalume, koma mtsikana wa pakhomo anawalandira chipewa ndi manja awiri. Ndinkadalira kwambiri Chingerezi, kuti akayamba kuchikhuthula amalume adzatembenukira kwa ine kuti ndiwamasulire, pamenepo adzakumbuka kuti ndine ndani. Koma mayi amene anatilandira, mkulu wa gawo la migwirizano ya malonda, wa imvi zapatalipatali, analonjera amalume m'Chichewa cha kumudzi chenicheni, anafunsa za mvula, anafunsa ngati mtedza wawo ndi chalimbana kapena wa mtundu watsopano. Atamva kuti inenso ndine loya anaimirira, anandigwira chanza n'kunditcha mnzake pantchito. Zinandiwawa kuposa akanandinyoza.

Anali atawerenga kale mapepala a wogula uja, amene bungwe lija linawatumizira. Anayamba ndi mtengo, kuti sunanenedwe bwino ngati uli m'makwacha athu kapena a ku Zambia. Ndinamwetulira chamumtima, chifukwa icho ndinali nditachiona. Kenako ananena kuti mapepalawo akuti pakabuka mkangano mlandu ukazengedwa kwawo kwa wogula, kutali ndi alimi. Ichonso ndinali nditachiona, ndipo ndinatsokomola pang'ono n'kunena choncho. Mayiwo anavomereza mwaulemu kuti ndinaona bwino. Ndinayang'ana amalume kuti ndione ngati amva, koma maso awo anali pa mayiwo.

Kenako mayi aja anati pali chinthu china chimene sakufuna kuchinena okha, chifukwa si gawo lawo. Anaimba foni ya pa desiki, ndipo posakhalitsa kunalowa bambo wina wamfupi, wa magalasi, amene anati ndi wa gawo la misonkho ndi katundu wodutsa paboda. Bamboyo sanachedwe ndi malonje. Anafunsa amalume kuti mtedzawo udzayezedwa kuti ngati uli ndi chuku, ndipo adzauyeza ndani.

Amalume anati sakudziwa. Mlembi uja anati sakudziwa. Ine ndinadziwa nthawi yomweyo kuti mzere umenewo ndinaudutsa ngati mlatho.

Bamboyo anafotokoza pang'onopang'ono. Malinga ndi mapepalawo, mtedza unkayenera kuyezedwa utafika kale m'nyumba yosungira katundu ya wogula, kutsidya, woyeza ali wogula yemweyo, ndipo sanatchule kuti adzayeza pakatha nthawi yaitali bwanji. Akanatha kuusunga pachinyezi mpaka uchite chuku, n'kunena kuti unabwera choncho. Akaukana, alimi ankayenera kuubweza okha. Ndipo kubweza katundu amene watuluka kale m'dziko, anatero bamboyo, si kungotembenuza lole ayi, kuli ndi mapepala ake ndi zolipira zake, moti alimi ambiri amangogonja n'kuugulitsa komweko pamtengo uliwonse umene wogula wanena. Anati chofunika n'chakuti mtedza uziyezedwa ku Mchinji lole isananyamuke, woyeza akhale amene mbali zonse zavomereza, ndipo ukangokwera lole ukhale wa wogula.

Ine ndimakhala kufupi ndi boda. Malole amenewo amadutsa ndikuwaona, fumbi lawo ndimalipukuta pa desiki yanga tsiku lililonse. Bambo uja mwina ku Mchinji anangodutsako ulendo wina, koma anaona zimene ine sindinazione. Ndinamuyang'ana akutola cholembera chake kuti abwerere kugawo lake, ndipo ndinamuda. Ndinada magalasi ake, ndinada foni ija yoti ukakakamira umangoimba wina n'kubwera, ndinada kuti munthu angathe kukhala zaka zonse akuphunzira chinthu chimodzi mpaka kuchidziwa chonchi, popanda wina kugogoda kuti mbuzi yake yagwidwa. Chimene chinandipweteka koposa n'chakuti mbiri yawo ija sinali yabodza. Ndikanapeza pobisala akanakhala anthu ongotchuka.

Amalume anatuluka muofesimo akuyenda ngati achotsedwanso ng'ala ina. Pakhomo anauza mlembi uja kuti akuluakulu sananame, mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Ndinafuna kuwakumbutsa kuti alendo tinali ife, koma ndinameza.

Pobwerera tinakhala mpando wakumbuyo, mlembi uja atagona chotsamira windo. Titadutsa pa Namitete amalume anandigunda ndi chigongono.

"Iwe, tandiuza zoona. Zija ananena bambo wa magalasi uja, ukanaziona?"

Ndikanatha kunama. Mgwirizano wanga sanauwerenge, ndipo ngakhale akanautsegula, Chingerezi chake sakanachimva. Ndikanati zinalimo, iwo akanakhulupirira, chifukwa sindinawanamizepo, ndipo mwina komiti ikanaganiza kawiri. Koma uwu unali mtedza wa mudzi wonse, wa amayi anga omwe.

"Ziwiri zoyamba zija ndinaziona, amalume," ndinatero. "Chachitatu chija sindinachione."

Ndinkaganiza kuti mwina andiyamikira chifukwa chonena zoona. Iwo anangogwedeza mutu mokhutira, ngati munthu amene wagula ng'ombe ndipo anzake amuuza kuti sanabetse. Anati komiti ikakumana adzanena kuti malonda onse aziyang'anira a ku Lilongwe, koma ndisade nkhawa, za sikelo ndi mikangano ya mamembala zikhalabe zanga. Ananena zimenezi mwachikondi chenicheni, akundisisita dzanja.

Dzuwa linali litapendeka, ndipo mapiri a Mchinji anayamba kuoneka kutsogolo. Amalume anali akuganizabe za ine, ndinaona pankhope pawo, ndipo atapeza nzeru anatembenuka mosangalala.

"Koma mayi aja anakukonda, ndinaona mmene anakugwirira chanza. Bwanji osakawapempha akulembe ntchito? Ungakaphunzire zambiri kumene kuja. Ukadali mwana iwe."

Ndinawayankha kuti ndiganizira. Sindinawauze kuti ndinapempha kale, nditangomaliza sukulu, ndipo ndinapemphanso patapita zaka, koma maulendo onse awiri sanandiitane n'komwe.