Laputopu ya mlandu inapita kumaliro

Titabwerera ku Milange kuchokera kumsasa wa othawa nkhondo, ndinakhala zaka zambiri ndikutayipira anthu makalata pamsika. Kasukulu ka zaumisiri katalandira makompyuta, diretori wake, a Mandala, anandiitana chifukwa ndinkadziwa Chipwitikizi ndipo sindinkataya pepala. Ananditumiza ku Quelimane kukaphunzira kufufuza milandu ya pakompyuta, kuti ndidzaphunzitse achinyamata.

Umboni weniweni wa apolisi sapatsa wophunzira. Choncho mlandu timaupeka. Ndinapeka wamalonda wozembetsa feteleza pamalire a Muloza, ndi kumulembera mauthenga, zithunzi ndi malisiti abodza mu laputopu yakale. Kenaka ndinazifufuta, monga achitira wakuba. Chofufutidwa sichichoka msanga: chimatsalira mu disiki mpaka china chitalembedwa pamwamba pake. Wophunzira amalumikiza disikiyo kudzera m'kachipangizo koletsa kulemba, amakopera yonse, ndi kuwerengetsa hashi, nambala yaitali imene imasintha ukangokhudza kanthu kamodzi. Hashi ya mlandu wanga ndinaitumiza kwa oyesa mayeso. Laputopu ndinaimata m'thumba, ndi kusaina pomatapo, n'kuitsekera m'kabati.

Ndinapempha disiki ina yosungiramo kope. A Mandala anati, "Madala, mumakonda mapepala ngati chiswe." Disikiyo sinabwere. Pempho limenelo ndili nalo, ndi chidindo chawo.

Ophunzira anali ochepa. Wakhama kwambiri anali Rozinya wa ku Molumbo, mayi wa ana awiri, amene anasiyira mchemwali wake munda wa nyemba. Khoti linkafuna kulemba ntchito munthu wa setifiketi ya maphunzirowa, ndipo mayeso ankabwera kamodzi kokha, kosi isanatsekedwe.

Tsiku la mayeso ndinatsegula kabati. Thumba linali lomatidwa ndi selotepi wina. Mayi woyesa mayeso anauza Rozinya ayambe. Anachita zonse mwadongosolo. Hashi inatuluka ina, yosiyana ndi imene ndinatumiza ija. Anabwereza. Inatulukanso ina. Titayang'ana m'kati, tinapeza nyimbo za kwaya ndi vidiyo ya maliro. Mauthenga a wamalonda wanga anali atakwiriridwa pansi pake.

A Mandala sanabise kuti ndi iwo anatenga laputopuyo. Apongozi awo anamwalira ku Majaua Loweruka, ndipo kunkafunika choimbira nyimbo pamasipika.

"Chinthu chinangokhala m'thumba," anatero. "Mukanafuna ndimane anamfedwa? Kumsasa tinkabwerekana ngakhale khasu lokumbira manda. Mwaiwala?"

Sindinaiwale. Mwana wanga ndinamuika ndi khasu lobwereka. Kuno womana chinthu pamaliro sakhalanso munthu, ndipo ndinaona ophunzira ena akugwedeza mutu kuvomereza a Mandala.

Woyesa mayeso anatseka chikwama. "Umboni wokhudzidwa si umboni. Sindingasaine."

Rozinya anandiyang'ana. "Aphunzitsi, ndalakwitsa pati?"

"Palibe, mwanangu."

"Nanga kwathu ndikanene chiyani?"

Ndinalembera akuluakulu madandaulo, makope ali m'sutikesi. Yankho silinabwere, kosi inatsekedwa. Rozinya ndimamuona pamsika masiku ena, akuyeza nyemba ndi mbale. Amandipatsa moni mwaulemu, za kompyuta sitikamba.

Chimene ndinatolapo n'chowawa. Ntchito imeneyi imafuna munthu wotha kunena kuti "ayi, musakhudze," ngakhale kwa wolira. Ife kumsasa tinapulumuka chifukwa chosanena mawu amenewo. Thumba lija ndinalisunga. Siginecha yanga ikadalipo, yodulidwa pakati ndi lumo.