Mpando wa mu Ofesi ya Manijala

Sukulu ndinasiyira Fomu 1, chaka chimene madzi a Shire anasefukira n'kukokolola munda ndi nyumba yathu kwa Malemia. Ndinapeza ntchito yosesa ndi kutsuka matambula ku kalabu ya mabwana pa esiteti ya nzimbe. Ntchitoyo inali ndi kachipinda ku kampaundi. Mayi ndinakawatenga, tinkakhala momwemo. Kwina kopita kunalibe.

Dziko lino nthawi imeneyo linalibe wailesi yakanema. Kalabuyo inali ndi vidiyo, matepi ake ochokera kunja. Loweruka masana mabwana ankaonera sewero la mu ofesi ina ya azungu. Munali kalaliki waulesi. Bwana wake akamukalipira, iye ankakhala pansi, miyendo patebulo, n'kumayankha mmene wafunira. Anthu osaoneka ankaseka m'bokosimo. Amuchotsa ntchito lero, tepi yotsatira ali pomwepo akumwa tiyi.

Manijala wa kalabuyo, Mmalawi mnzathu, ankaseka mpaka kupukuta misozi. "Kamunthu aka n'kochenjera!" Ine chilili pakhomo ndi thireyi. Ndinkaganiza kuti munthu woseka chonchi ali ndi mtima wabwino. Uchitsiru wanga.

Lamulo lake kwa ife linali lakuti ukalowa mu ofesi mwake uime manja kumbuyo, mpando osaukhudza. Tsiku lina la Okutobala, kukutentha koti malata ankalira, ndinamupititsira tiyi. Akuti wazizira. Ndinabweretsa wina. Akuti shuga wachepa. Kachitatu ndinaika kapu patebulo, ndinakoka mpando wa alendo, n'kukhala.

"Ukutani iwe?"

"Ndikudikira dandaulo lina, bwana. Miyendo yatopa."

Ndinamwetulira, kuyembekezera kuti aseka. Anaitana mlonda, kenaka n'kutembenukira kwa ine.

"Mwano umenewu waphunzira kuti? Lero ukuderera ine, mawa uderera boma."

Masiku amenewo mawu otere ankasowetsa munthu. Ndinagwada. Inde, ndinagwada pasimenti, n'kugwira mwendo wa thalauza la manijalayo. Anati kwa a chipani sakandinenera, koma kiyi wa chipinda amupeze patebulo pofika mawa masana.

Mayi ndinawapeza akupeta mapira. Ndinawafotokozera zonse, za vidiyo zomwe. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Mwananga, iweyo ndiwe mzungu?"

Sanafunsenso china. Anayamba kumanga mapoto m'chitenje. M'mawa mwake tinali m'mbali mwa msewu wa ku Nsanje, iwo atakhalira mphasa yokulunga, tikudikira lole iliyonse yoti itinyamule. Woti tikatsikire pakhomo pake sitinkamudziwa.