Kukatsegulitsa laputopu ku boma la Lundazi

Ndinanyamuka pasukulu pathu ku Magodi Loweruka, sikisi koloko isanakwane, laputopu nditaikulunga m'chitenje n'kuipakata. Kunali kuzizira kwa mu Julaye kuja kolowa mpaka m'mano. Podutsa pakhomo pa a Zimba, mphunzitsi mnzanga wa masamu, ndinawaona akutsuka m'kamwa panja.

"Mwawuka uli, Madam?" anatero.

Ndinayang'ana kumbali. Linali tsiku lachisanu ndisakuwayankha moni.

Mlandu wake unali uwu. Laputopu yanga ndi nkhalamba, ndipo a Zimba ndi amene anaidzutsa chaka chatha poikamo Linakisi, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta imene anthu amangopatsana. Anandilowetsanso m'gulu la pa foni limene ogwiritsa ntchito pulogalamuyi amathandizirana. Lolemba anabwereka laputopuyo kuti ataipe mayeso, n'kubweza madzulo. Lachiwiri m'mawa inakana kutseguka. Ndikalemba pasiwedi, sikirini imachita bii, kenako n'kubwerera pomwepo kufunanso pasiwedi. M'kati mwake munali lipoti langa lomalizira digiri, thukuta la zaka zitatu, loyenera kutumizidwa Lolemba lotsatira, ndipo kope lina ndinalibe. Ine ndi a Zimba tonse tikuyembekezera mpando umodzi wa siniya titcha. Inu mukanaganiza chiyani?

Atapempha kuti aione ndinakana, ndinati akufuna amalizitse ntchito yawo. M'malo mwake ndinalemba m'gulu muja kuti munthu wina wa kuntchito wandisinthira pasiwedi chifukwa cha nsanje, ndikudziwa bwinobwino kuti a Zimba awerenga. Sanayankhe kanthu, ndipo kukhala chete kumeneko ine ndinakutenga ngati kuvomera. Wina wa ku Chipata anati vuto ndi sikirini. Wina wa ku Petauke anati ndisinthe mtundu wa Linakisi, ndipo awiriwa anakangana masiku awiri athunthu mpaka kuiwala kuti pali mayi amene akulira. Kenako analemba a Mtonga: "Madam, tiuzeni vamene muona, osati vamene muganiza. Osalola munthu aifomate. Bwelani nayo ku boma pa wikendi." Pachithunzi chawo panalibe nkhope, panali ng'ombe. Munthu wobisala kuseri kwa ng'ombe sindinamukhulupirire, koma ndikanapitanso kuti?

Wa honda, njinga yamoto yonyamula anthu, anandilipiritsa K40 kukafika kumsewu waukulu. Anandifunsa kuti ndanyamula chiyani, ine ndinati mabuku. Cha m'ma seveni inafika kenta, kalole kodzaza matumba a chimanga, K70 mpaka ku boma. Kondakitala anatambasula dzanja kuti katundu wanga aike pamwamba pa matumba, ndipo mmene ndinamuyang'anira analibweza yekha dzanjalo. Ndinakhala pa thumba, pambali pa amama ena onyamula dengu la nshawa. Anayang'ana chitenje changa kwa nthawi ndithu.

"Mwana winu wakulira yayi?" anafunsa, kudabwa kuti mwana wangayo salira.

"Ndi kompyuta, amama. Ikudwala."

"Nayo yikulwala?" Anaseka mpaka kukhosomola, n'kundipatsa nshawa zodzaza dzanja. Ndinalandira, koma ndikudya ndinkadzifunsa chifukwa chimene ndaululira za kompyuta pagulu la anthu osawadziwa.

Naini koloko itadutsa tinaima m'dera la Mphamba, injini itatentha. Dalaivala anapita kukapempha madzi kumjigo, ife tinatsika kuwongola miyendo. Ndinagula vitumbuwa viwiri va K2 ndi mbatata yowotcha, ndikudya ndi dzanja limodzi poti linalo silinasiye katundu. Fumbi linali litatisandutsa tonse a mtundu umodzi, mpaka nsidze.

Tinalowa m'boma hafu pasiti teni. Ndisanafike ndi kumsika komwe, mkulu wina wokonza mafoni anali ataona kale mawonekedwe a katundu wanga.

"Mami, bweletsani tifomate. Teni minitsi chabe."

"Nanga zam'kati?"

"Vizafufutika, koma izakhala monga yanyowani."

Ndinayenda mwandawala osacheukanso.

Malo amene a Mtonga anandilozera anali kasitolo ka mankhwala a ziweto kuseri kwa msika, konunkha dibi mpaka pakhomo. Ndinayembekezera kupeza kamnyamata kochenjera m'maso. Ndinapeza bambo wa imvi wovala juzi yothothoka m'zigongono, amene anapuma pantchito yochiza ng'ombe. Laputopu sanaikhudze n'komwe. Anandikokera mpando n'kuti, "Manja ni anu, Madam. Ine nizakamba chabe." Ndinaganiza kuti umenewu ndiye ukathyali weniweni, kuti zikawonongeka adzati ndawononga ndekha.

Anayamba kundifunsa monga amafunsira mwini ng'ombe. Yayamba liti? Komaliza inadya chiyani? Ndinati inadya mayeso a munthu wina wa masamu. Sanaseke. Anandiuza kuti ndidine mabatani atatu pamodzi, ndipo sikirini inada, pangodya pakuoneka timalemba toyera. Ndinalemba dzina langa. Itafika nthawi ya pasiwedi a Mtonga anaimirira, n'kutembenukira kukhoma kuyang'ana mabotolo a mankhwala a nkhupakupa. Ine ndinayamba kaye ndamwaza maso kufuna galasi kapena kamera yobisika. Ndinangoona kalendala ya chaka chatha.

Ndinalemba pasiwedi, koma pa sikirini sipanatuluke kanthu, ngakhale kadontho.

"Mwaiwononga!" ndinakuwa.

"Ndiye khalidwe yake," anayankha akuyang'anabe kukhoma. "Sionetsa, kuti wa pambali asapende vilembo. Dinani batani ikulu."

Ndinadina. Inandilola kulowa.

"Pasiwedi mwalemba ni yamene ija ya masiku onse?"

"Yomweyo."

"Ndiye kuti kulibe anachinja."

Koma mtima unakanabe. Mwina anawononga penapake, ndinatero chamumtima. A Mtonga ananditchulira timawu tiwiri toti ndilembe, ndipo panatuluka mizere ya manambala. Analoza ndi cholembera pamene panalembedwa 100%.

"Yatupa mimba iyi. Yadzala mpaka kulibe popumila, ndiye chifukwa chake ikugwa pakhomo."

Anajambula sikiriniyo n'kutumiza m'gulu. Sipanathe mphindi zisanu, wa ku Chipata uja anatumiza mawu ofufuzira chimene chadya malo, wa ku Petauke n'kumukonzera chilembo chimodzi chimene analakwitsa. Ndinalemba mosamala ngati mwana wa giredi wanu. Pamwamba pa mndandanda panatuluka mavidiyo a kitcheni pate, phwando lolangiza mkwatibwi, ya mwana wa mchemwali wanga, osati kamodzi koma katatu. Tsiku lake linali Lolemba, seveni koloko madzulo, a Zimba atabweza kalekale.

Apo ndinakumbukira zonse. Ndinkasamutsa mavidiyowo kuchoka mufoni, ndipo poti sindinakhulupirire kuti alowadi, ndinabwereza. Kenako ndinabwerezanso, kuchitira kuti mwina. Manyazi amene anandigwira m'kasitolo kaja sindinawamvepo chibadwire.

Tinafufuta makope awiri, ndinazimitsa n'kuyatsanso. Inatseguka ngati sinadwalepo. Lipoti langa linali pomwepo, mpaka tsamba lomaliza, ndipo misozi inatsika yokha kulemba mizere pa fumbi la kumaso. A Mtonga anandibwereka kansalu, n'kundituma ndikagule fulashi kuti lipotilo likhale malo awiri. Nditabwerako ndinafunsa kuti ndipereke zingati.

"Ndalama iyai. Malipilo athu ni amodzi: lembani mu gulupu chamene chinavuta, kuti wina mawa asakwele kenta."

"Ndingolemba kuti zatheka?"

"Awe, Madam. Munalemba kale chifukwa china. Chikakhala mwamene muja, wina kompyuta yake ikachita so, azawelenga, azayamba kudana na mnzake wa kunchito."

Ndinadya mpunga wa nyemba pafupi ndi siteshoni, K25, koma sindikudziwa ngati munali mchere. Thu koloko ndinakwera kenta yobwerera, yopanda katundu, yodumpha ngati thole. Njira yonse ndinkalemba n'kufufuta. Ndinayesa kulemba kuti kompyuta inadzaza yokha. Ndinayesanso kuti vuto linali la mavidiyo, ngati kuti mavidiyo ali ndi miyendo. Tili ku Mphamba, pamene netiweki imagwira bwino, ndinatumiza izi: "Zatheka. Ikamabwerera pofuna pasiwedi, onani kaye ngati sinadzaze. Yanga ndinaidzaza ndekha ndi mavidiyo. Palibe amene anasintha pasiwedi. Ndinanamizira mnzanga wosalakwa."

Mayankho anabwera a zala zoloza m'mwamba, wa ku Petauke n'kuwonjezera kuti mtundu wake wa Linakisi ukanandichenjeza msanga. Mkangano unayambiranso. Pakati pa phokosolo panalowa uthenga wa a Zimba, woyamba sabata yonse: "Tawonga, Madam. Lipoti tumizani lelo, netiweki ya pa Mande sidziwika."

Ndinauwerenga kanayi, kufunafuna pamene pabisala chipongwe. Panalibe.

Tinafika kumsewu wathu dzuwa litapendeka. Wa honda ndinamuuza anditsitsire pachipata cha sukulu, kotsalako ndiyende pansi. Ulendo wonsewu ndinkalondera chitenje changa kuopa akuba, pamene wowononga anali yemwe wachipakatayo. A Mtonga anandiuza mu uthenga wawo woyamba womwe kuti ndinene zimene ndikuona, koma zinatengera K220 ya mayendedwe kuti ndimve.

A Zimba ndinawapeza pakhonde akupopa njinga. Ndinaima pabwalo, laputopu ili m'manja, yokulungidwa m'chitenje ngati khanda.

"Mwatandala uli, a Zimba?"

Sanadzutse mutu msanga. Anapopa, n'kupopanso, n'kutsina tayala kuona ngati lalimba. Anandisiya ndiime pamenepo kanthawi ndithu, ndipo ndinaima, poti ine ndinawaimika masiku asanu.

"Tatandala makola, Madam," anatero. "Mwana wachila?"