Makina Amene Amalume Sanapemphe

Tcheni chija chikadali pamsomali kuseri kwa chitseko cha mayi. Chinachita dzimbiri kalekale, mano ake anagwirana, koma palibe amene amachichotsa. Ndikapita kumudzi ndimalowa m'nyumbamo cham'mbali ngati nkhanu kuti ndisachione, komabe ndimachiona.

Chinali chaka chimene ndinali sitandade faifi, matipate atangoyamba kumene, kwathu kufupi ndi Tsangano. Amalume, achimwene awo a mayi, anali ocheka matabwa. Anabwerako ku Joni ine ndisanabadwe, kumene anagwira ntchito kumigodi kenako m'minda ya mitengo, ndipo chibwerereni ankacheka bulugamu ndi paini ndi sowo yaitali ija ya anthu awiri. Mnzawo wokoka naye sowo anamwalira m'dzinja la chaka chimenecho. Anyamata sankafunanso ntchito yodzaza utuchi m'maso, onse anali pamsika ndi matumba a kachewere. Sowo inangokhala patsindwi.

Kwa ine panalibe mwamuna wamphamvu kuposa amalume. Ndinawaonapo atasenza mtanda wa denga paphewa limodzi, ine atandikhazika paphewa linalo. Ankanditchula kuti kalaliki, chifukwa ndine ndinkawawerengera makalata ochokera kwa mwana wawo, msuweni wanga, amene anali ku Joni, ndipo ndine ndinkalemba mayankho. Ndinkanyada nazo kwabasi, ndikumati m'mudzi monse mtsikana wophunzira ndine ndekha. Ndinkaona ndithu kuti akanyamula kapu tiyi amatayikira pa thalauzi, koma kwathu mwezi wa Juni amanjenjemera ndi aliyense.

Msuweni analemba kuti akufuna kuwagulira makina ochekera mitengo oyendera petulo, anene okha mtundu umene akufuna. Nkhaniyi sindinagone nayo. Mawa lake kusukulu ndinali nditauza kale kalasi yonse kuti kwathu kukubwera makina aakulu kuposa onse a m'nkhalango ya boma, oti akalira ku Mozambique azimva. Mphunzitsi anandiuza kuti ndichepetse pakamwa, koma mawu anali atatuluka.

Tinalemba yankho Lamulungu masana titaweruka kutchalitchi, titakhala pakhonde poothera dzuwa. Amalume anayamba ayang'ana uku ndi uku, kenako anatsitsa mawu.

“Lemba kuti anditumizire makina aang'ono, opepuka, oti nkhalamba n'kugwira tsiku lonse. Tcheni chake chikhale cha mano ang'onoang'ono, chija chosalumpha chikagunda mfundo. Aakulu aja ndi a anyamata, ndinawaona ku Joni, amamenya ngati bulu.”

Mawu akuti nkhalamba anandilasa mumtima. Ndinaona ngati amalume akudzinyoza okha, ndipo ndinaganizanso za anzanga akusukulu, mmene akandisekere akaona kanthu kakang'ono ngati wailesi. Ndinaweramira pepala n'kulemba kuti, munditumizire makina aakulu kuposa onse, a mano aakulu, pakuti mphamvu ndikadali nazo. Ndinalemba bwinobwino, zilembo zoongoka. Paja amati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, ndipo tsiku limenelo ndadziwa kaleyo ndinali ine.

Amalume anatenga pepalalo monga ankachitira nthawi zonse, amati akuona ngati zilembo zanga zikukula. Analiyang'ana nthawi yaitali, pepala likugwedera m'manja mwawo. Kenako anandiyang'ana ine. Anapinda, kuika mu envulopu, kunyambita n'kumata.

“Kaponye mawa, kalaliki,” anatero.

Makinawo anafika kumapeto kwa nyengo yozizira, pa lole ya munthu wina wochokera ku Joni. Anali ofiira, onunkha petulo ndi oyilo, chitsulo chake chocheka chotalika kufika pachifuwa panga. Mudzi wonse unasonkhana. Amalume anawanyamula, mitsempha ya pakhosi inatuluka, anakoka chingwe kasanu, ndipo atalira agalu anathawira kumunda. Azibambo anaomba m'manja akuti uyu ndiye Mngoni weniweni. Ine ndinkangozungulira pakati pa anthu, mtima uli m'mwamba, ndikuonetsetsa kuti anzanga akusukulu aona.

Mayi okha ndi amene sanaombe m'manja. Anthu atabalalika ndinawamva akuti, “Achimwene, chinthu ichi chakukulirani. Kagulitseni mugule chaching'ono.”

“Mphatso ya mwana sagulitsa, mlongo,” anayankha amalume.

Anagwira nawo ntchito masabata angapo. M'mawa uliwonse ankakhala pachitsa n'kumanola mano a tcheni ndi tupa, limodzilimodzi, mosafulumira, ngati munthu wonyengerera ng'ombe yolusa. Akacheka pang'ono ankazimitsa n'kukhala pansi, koma manja sankaleka, ankapitiriza kunjenjemera ngati makina akadali m'menemo. Tsiku lina anandiitana kuti ndiwamangire mabatani a malaya, zala zawo zinali zitafa dzanzi. Ndikumanga choncho ndinamva fungo la utomoni wa bulugamu ndi thukuta, ndipo mawu anafika pakamwa penipeni kuti ndiulule. Ndinaopa chikwapu cha mayi. Lero ndimachita manyazi ndikakumbukira kuti chimene ndinaopa chinali chikwapu basi.

Tsikulo kunali mphepo ya Ogasiti, fumbi lili mbuu. Ndinali ndikuchokera kuchitsime ndi ndowa pamutu, ndikumva makina akulira kumunsi kwa dimba kumene amalume ankadula bulugamu wamkulu. Mwadzidzidzi kulira kuja kunakwera, kunathyoka, kenako kunatsika n'kumangoti du du du, pang'onopang'ono. Ndinadikira kuti kukwerenso, sikunakwere. Amene anafika msanga anati nsonga ya chitsulo inagunda mfundo, makina anabwerera n'kuwatema paphewa mpaka pachifuwa.

Anawanyamula pangolo kupita nawo kuchipatala, atawakulunga ndi zitenje za mayi. Ife ana anatithamangitsa, koma ine ndinabwerera kudimbako. Makina aja anali ali gone mu udzu, akulirabe okha, chifukwa panalibe wina m'mudzi wodziwa pozimitsira, ndipo panalibe wolimba mtima wowakhudza. Analira choncho ngolo ikukwera chitunda, analira dzuwa likufika pamutu, mpaka petulo anatha. Phokoso limenelo silinandichoke. Ngakhale lero kuno kutauni, njinga yamoto ikaima pakhomo injini ili chilirire, ndimasiya chimene ndagwira n'kutuluka kukapempha mwiniwake kuti azimitse.

Amalume anamwalira patapita sabata kuchipatala cha kuboma. Mayi anati mawu awo omaliza omveka anali akuti asamudzudzule mwana wawo wa ku Joni uja, makinawo anaitanitsa okha. Koma msuweni atafika, maliro titaika kale, mayi sanamusungire mawu.

“Mwana wanzeru sapatsa nkhalamba chilichonse chimene yapempha. Unaiwala kuti bambo ako ali ndi zaka zingati?”

Msuweni anatulutsa kalata ija m'thumba la jekete, yothothoka m'mapindiro, koma mayi anakana kuiyang'ana. Ine ndinali pomwepo, ndikutsuka mbale za pamaliro, ndinaona zilembo zanga zoongoka zija ndipo ndinangowerama. Anachoka patatha masiku atatu. Anagulitsa makina kwa munthu wa ku Mlangeni, tcheni chokha ndi chimene mayi anakaniza. Msuweniyo kumudzi sanabwerenso, ndipo tinamva za imfa yake patapita zaka zambiri, anaikidwa komweko ku Joni.

Ndinasunga nkhaniyi mpaka nditabereka ana anga. Chaka china ndili kumudzi, ine ndi mayi tikusankha kachewere wa mbewu pakhonde lomwe lija, ndinaulula zonse. Ndinati amalume anapempha makina aang'ono, ndine ndinasintha mawu, ndipo anamwalira osadziwa kuti kalaliki wawo anawanamiza chifukwa sankatha kuwerenga.

Mayi anasiya kusankha. Anayang'ana kuchitseko.

“Osatha kuwerenga ndani? Amalume ako anafika sitandade sikisi yakale. Kumigodi ndiwo ankalembera anzawo makalata. Cholembera anachisiya chifukwa cha manja aja, ndipo zowerenga ankakupatsa iwe kuti uikonde sukulu.”

Sanandikalipire, anangopitiriza kusankha kachewere, misozi ikugwera m'dengu. Ine ndinabwerera pakhonde la Lamulungu lija, pepala likugwedera, amalume akuliyang'ana nthawi yaitali kenako n'kundiyang'ana ine. Anawerenga mawu alionse. Akanatha kuling'amba, kundikoka khutu, tilembe lina, ndipo sizikanatenga ngakhale ola limodzi. Mawa lake ndinathamangira kupositi mtima uli phee, ndikuti ndawapusitsa. Sindikanamvetsa kuti munthu amene mnzake wa sowo wamwalira, manja akumukana, mlongo wake ayamba kumulandira katundu, angawerenge papepala mwana akuti mphamvu ndikadali nazo, n'kulephera kumuuza mwanayo kuti wanama.