Chimera cha pansanja

Dzulo pamsika wa Limbuli mayi wina anamasula thumba la chimera cha mawere. Fungo lake lotsekemera linandibweza kwathu, ndili mtsikana wa zaka khumi.

Thobwa la amayi linkadziwika mudzi wonse. Chimera ankachiyanika mpaka chiume gwa, n'kuchisunga chosasinja mumtsuko womata, pansanja ya pamwamba pa moto. Ankati chotere chimatha miyezi itatu chili bwino, koma chikangokoka chinyezi chatha ntchito. Anandiphunzitsa kuchinunkhiza ndi kuchiluma.

Kutatsala masiku atatu kuti achemwali anga achite chinkhoswe, amayi anagonekedwa kuchipatala ndi malungo. Azakhali anabwera kudzaphika thobwa atanyamula chimera chawo m'jumbo. Sabata yonseyo kunali chiperoni, ngakhale zovala sizinkauma.

Ndinatapako pang'ono. Chinkanunkha ngati bulangete lonyowa, ndipo pochiluma chinangofewa m'kamwa.

"Azakhali, ichi chafa. Thobwa lake liwawasa, akuchimuna adzatiseka."

"Iwe mwana, ine ndinayamba kuphika thobwa usanabadwe!"

Koma ine ndinkadziwa zimene mphuno yanga inamva. Ndinavundikira mtondo, n'kukwerapo, n'kugumula dothi la pakamwa pa mtsuko. Ndinawatapira cha amayi ndili pomwepo.

"Lumani zonse ziwiri, azakhali."

Analuma chawo n'kulavulira pambali. Cha amayi chinalira m'mano mpaka ine ndinamva. Anandiyang'ana nthawi yaitali, mwaye uli bii m'tsitsi mwanga.

"Nanga ungoima pomwepo? Tsika pamtondopo, mwana wotengera amake iwe, tiyambe kusinja."