BP ya Amayi Tsiku Loika Bambo

Ndinadzuka tambala asanalire, msana ukuwawa ndi mkeka. Amayi a Mvano anali atatopa ndi kuimba, ena akuwodzera chokhala. Panja utsi wa nkhuni zaziwisi unali utayamba kale, azibambo atapanikizana m'chigafa cha fodya momwe anachezera.

Bambo sindinkawadera nkhawa, iwo anali atapuma. Mantha anga anali pa amayi. Ali ndi BP, ndipo kuchipatala anatiuza kuti tisamawakhumudwitse. Malangizo okoma, koma owanenawo sadziwa kwathu. Amayi ndi Msilamu wa ku Mangochi, anatengedwa chitengwa kudzakhala kuno ku Lukwa pakati pa Achewa achikhristu. Ife takula tikuwaona akumeza mawu.

Dzuwa litakwera anthu anayamba kukhamukira, ena pangolo, ena panjinga. Aliyense ankalowa m'nyumba ya siwa kudzapepesa, ndipo namfedwa sachoka pamkeka. Ine maso anali pakhosi pa amayi. Akalowa mnzawo wogulitsa naye tomato, mtsempha unkakhala phee. Akalowa alongo awo a bambo, omwe sanalawepo chophika amayi, mtsemphawo unkatupa n'kumagunda moonekera. Ndinawanong'oneza amayi kuti tipite kuseri akamwe mankhwala, akapumeko. Anakana, ati anthu anganene kuti Msilamu uja wathawa maliro a mwamuna wake.

Tinanyamuka masana dzuwa likuswa mtengo, kudutsa m'minda yodikira mvula. Kumanda malume awo a bambo anathokoza adzukulu ndi ampingo, kenako anatembenukira kwa amayi.

"Mlendo wathuyu watisungira bwino mwana wathu," anatero. "Za ulendo wake tikambirana tikameta."

Anthu anavomereza ndi mitu ngati anena zaulemu. Ine mtima unandiwawa, koma ndinalibe mphamvu zokangana. Amayi anangondigwira dzanja, ati m'makutu mukulira ndipo sakuona bwino. Tinabwerera nawo pangolo.

Madzulo anthu atabalalika, mlangizi wa zaumoyo woyandikana nafe anabwera ndi makina ake oyezera BP. Atawayeza amayi anapukusa mutu, ati apite kuchipatala lero lomwe, ndipo aleke kuganiza kwambiri. Anapita kukafuna galimoto.

Ndinayamba kuwalongedzera amayi zitenje m'chikwama, koma anandiletsa.

"Bwezera, mwanangu. Ndikatuluka muno ndi chikwama, sadzandilolanso kulowa."

Ndinazibwezera. Galimoto itafika inaliza hutala panja, ife tili chikhalire pamkeka.